Manja Omanga Chikulunga

Mpira wa NFL, ligi ya ku America, amausokera ku Ada, m'chigawo cha Ohio, pa fakitale ya Wilson, ndipo zingwe zake amamanga pamanja. Nafenso kuno ku Zomba tili ndi amisiri athu: ana a ku Chinamwali ndi ku Matawale omanga chikulunga.

Taonani mwana atakhala pansi, majumbo ali mbwee. Amayamba ndi kachibulunga kolimba, n'kumakutira majumbo ena pamwamba, akufinya ndi mawondo. Kenako chingwe amachipingasa ngati ukonde, akukoka ndi mano mpaka zala kuwawa. Akalekerera, mpira umaphwasuka chigoli chisanalowe. Akathinitsa kwambiri, umapweteka phazi lopanda nsapato. Muyezo wake amaudziwa ndi chikhatho basi.

Ndimawanyadira anawa. Popanda manja awo, ambiri akanakula osaponda mpira, ndipo matimu ngati Red Lions akanasowa kotola osewera.