Makoleji a Makono ndi Mwana wa ku Mgona

M'chaka cha 2001 Marc Prensky, wa ku America, adalemba kuti ana obadwa m'nyengo ya makompyuta ali ngati mbadwa za dziko latsopano, ndipo ife akuluakulu tili ngati alendo m'menemo. Chiyambire pamenepo, ambiri mwa akatswiri olemba mapulani a makoleji akhala akulalikira chiphunzitso chimodzi. Amati makoma agwetsedwe, mipando ikhale yosunthika, mashelefu a mabuku achepe, ndipo mphunzitsi aleke kuima kutsogolo, popeza wophunzira wa lero nzeru amakazitola yekha pa intaneti, ndipo ku koleji amangobwera kudzakambirana ndi anzake. Ine ndifuna kuyesa chiphunzitsochi pa muyeso umodzi wokha, ndiwo mnyamata kapena mtsikana wa ku Mgona amene wapeza malo ku koleji.

Mgona ali pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo ndiponso Area 25, kumene kuli koleji ya aphunzitsi ya Lilongwe. Wansembe aliyense amene adayenderapo miphakati ya kumeneko adziwa nyumba zake zothinana, za lendi, m'mene banja lonse limagona zipinda ziwiri, ndiponso phokoso la msika wa mtedza. Foni mwanayo ali nayo ndithu, koma nthawi zambiri amakaitchajitsa kolipira, ndipo bandulo imamuthera asanamalize kutsitsa buku. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno ndi nyumba pafupifupi imodzi pa khumi imene inkaunikira ndi magetsi. Tsono apa ndi pamene chiphunzitso chija chipunduka: chimaganiza mosanena kuti wophunzira ali kale ndi tebulo, nyale ndi bata kunyumba kwake. Kumumangira mwana wa ku Mgona holo ya macheza ndiko kumupatsa chimene ali nacho kale chochuluka, ndi kumumana chimene akusowa.

Zaka zapitazi zatiphunzitsa zimenezi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, makoleji ena adayesa kuphunzitsa pa intaneti, ndipo amene adatsalira m'mbuyo adali ana a amphawi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri makompyuta ankangokhala chete pa matebulo. Laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu itapsa mu Disembala 2015, pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000, anthu akufuna kwabwino adathamangira kusonkha mabuku ena, chifukwa adadziwa kuti foni siingalowe m'malo mwa nyumbayo.

Sindikunena kuti makinawa ndi adani. M'buku la Plato lotchedwa Phaedrus, Socrates ankaopa kuti luso la kulemba lidzafooketsa chikumbumtima cha mutu, ndiko kutha kusunga zinthu pamtima; komabe mantha akewo timawadziwa chifukwa Plato adawalemba. Lero mseminale wa ku Kachebere angathe kuwerenga zolemba za Makolo a Mpingo popanda kudikira sitima ya mabuku. Funso ndi lakuti: mawu ochulukawo akafika, munthu akawasinkhasinkhira kuti? Augustine Woyera, m'buku lake la De Magistro, adaphunzitsa kuti mawu akunja amangotidzutsa, koma woonetsa choonadi ndi Khristu, Mphunzitsi wa m'kati. Mwiniwakeyo adadabwa ku Milan poona Ambrose akuwerenga chamumtima pakati pa ntchito zambiri. Kompyuta imachulukitsa mawu akunja. Nyumba yophunziriramo iyenera kuteteza bata limene Mphunzitsi wa m'kati amalankhuliramo. Makolo athu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho wolemba pulani ayambire pa chipinda cha bata, cha mawindo aakulu, cha magetsi a dzuwa, chokhala ndi potchajira pa tebulo lililonse, intaneti yaulere ndi mabuku enieni pa shelefu, chotsegula mpaka usiku. Aganizirenso za malo ogona kapena njira yowala, pakuti mtsikana wotuluka m'menemo mdima utagwa ayenera kukafika kwawo bwino. Zokambirana sizilira magalasi odula: khonde lalikulu ndi mthunzi wa mitengo zakhala bwalo lathu kuyambira kale. Ndipo ofesi ya mphunzitsi ikhale pamene wophunzira wamanyazi angagogode.

Abale anga ansembe, mlanduwu sukhudza boma lokha. Mpingo uli ndi yunivesite yake ku Nguludi kuyambira 2006, uli ndi maseminale, ndiponso uli ndi maholo a maparishi amene amakhala okhoma kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Timasonkhetsa akhristu ndalama za mipanda ndi matailosi, pamene ana awo akuwerengera mayeso pa kuwala kwa foni. Pa msonkhano wotsatira wa bungwe la parishi, aliyense wa ife afunse mtengo wa matebulo khumi, mababu anayi ndi mlonda mmodzi wa madzulo.