Kanema wa Lincoln watha msanga

Mukapeza mpata wopenyerera kanema wa Lincoln, amene Steven Spielberg anatulutsa mu 2012, musauphonye. Nkhani yake ndi ya kumapeto kwa nkhondo yapaciweniweni ya ku America. Daniel Day-Lewis asewera bwino zedi. Mudzaona mtsogoleri wotopa, wokonda nthabwala, amene anyengerera aphungu mmodzimmodzi, ena mwa kuwalonjeza nchito za boma, kuti avomere lamulo lothetsa ukapolo. Pa 31 Januwale 1865 aphungu 119 avomera, 56 akana, mabelu alira, ndipo nanunso mudzafuna kuomba m'manja.

Koma tayambani mwafunsa: nanga akapolo eni ake, anthu pafupifupi mamiliyoni anai, ali kuti? Anthu akuda aoneka pang'ono cabe: asilikali poyambirira, anchito a m'nyumba, ndi ena okhala cete kumvetsera aphungu. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo nakumana ndi Lincoln katatu, sapezekamo n'komwe.

Cimene cindiwawa kwambiri ndi ici. Mwezi womwewo, pa 12 Januwale, atsogoleri 20 a mipingo ya anthu akuda anakumana ndi Kazembe Sherman ku Savannah. Wowalankhulira, mbusa Garrison Frazier, ananena mosabisa kuti cimene afuna ndi minda yoti azilima okha. Patapita masiku anai Sherman analamula kuti mabanja apatsidwe malo okwana maekala 40 m'mbali mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida. Lincoln ataphedwa mu Epulo, womlowa m'malo, Andrew Johnson, analamula kuti malowo abwezedwe kwa eni akapolo akale. Inu amene munakulira kumudzi mudziwa mmene munthu wopanda munda agonjera mwini nthaka. Ambiri anabwerera kukalima thonje kwa ambuye awo akale, nagawana nawo zokolola, ngongole osatha.

Zoona, mu 1870 lamulo lina linalola amuna akuda kuvota, ndipo Hiram Revels, nayenso mbusa, anakhala seneta woyamba wakuda. Koma kuyambira 1877 boma linaleka kuwateteza kum'mwera, ndipo ambiri anatsekerezedwa kuvota mpaka 1965. Wopenyerera kanemayu sangaganizeko zimenezi. Adzayesa kuti nkhani inathera pa mabelu paja.

Mukatha kupenyerera, funani buku la W.E.B. Du Bois lochedwa Black Reconstruction in America, la mu 1935. Ndi lalitali ndipo Cingelezi cake n'colimba, motero muliwerenge ndi mnzanu. Mutu wake woyamba ukamba za wanchito wakuda.