Kodi Kuphunzitsa Mwana Chipembedzo N'kumulakwira?

Ndili ndi zaka 8, aphunzitsi athu a Sande Sukulu adabwera ndi kandulo m'kalasi. Adaiyatsa naitana mnyamata mmodzi kuti aike chala pamoto. Mnyamatayo atachotsa chala mwachangu, iwo adati moto wa ku Gehena ndi wotentha kuposa pamenepo, ndipo suzima. Dzulo lake n'kuti nditaba mtedza m'nkhokwe ya agogo. Usiku umenewo tulo sitidabwere. Ndidangokhala tong'o pamphasa, kuopa kuti ndikatseka maso ndidzukira kumoto. Koma m'kalasi momwemo ndimo ndidamvera koyamba nkhani ya Yosefe ndi abale ake, ndipo chilakolako chofuna kudziwa mathero ake ndicho chidandichititsa kuwerenga buku ndekha popanda wondituma. Mantha ndi chikondi cha mabuku ndidazitola pakhomo limodzi. N'chifukwa chake funso lakuti kodi kuphunzitsa ana chipembedzo n'kuwalakwira limandivuta kuliyankha mothamanga.

Funsoli adalikuza kwambiri ndi Richard Dawkins, katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku Britain, m'buku lake lotchedwa The God Delusion lomwe lidatuluka mu 2006. Mutu 9 wa bukuli ukukamba za ana. Dawkins akuyamba ndi nkhani ya Edgardo Mortara, mwana wachiyuda wa mumzinda wa Bologna. Mu 1858, mwanayu ali ndi zaka 6, apolisi a boma la Papa adamulanda kwa makolo ake chifukwa wantchito wapakhomo adati adamubatiza mobisa nthawi ina akudwala. Papa Pius IX adakana kumubweza, ndipo Mortara adakula mpaka kukhala wansembe. Kuchokera pamenepo Dawkins akumanga mfundo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi yakuti kuopseza mwana ndi moto wosatha ndi nkhanza yomwe bala lake limakhala mumtima zaka zambiri. Yachiwiri ndi yakuti sibwino kutcha kamwana kuti ndi Mkatolika kapena Msilamu, popeza sikadasankhe kalikonse. Iye akuti tizingoti ndi mwana wa makolo achikatolika kapena achisilamu, monga momwe sititchulira khanda kuti ndi la chipani chakutichakuti.

Ambiri kwathu kuno akangomva kuti wolembayo sakhulupirira Mulungu amatseka buku pomwepo. Ine ndikuona kuti kutero n'kulakwitsa, pakuti pali malo pomwe Dawkins akunena zoona, ndipo umboni wake tili nawo pakhomo pathu pomwe.

Tiyambe ndi thupi la mwana. Mu 2010 mliri wa chikuku udagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, ambiri mwa iwo ana. Pa nthawi yomwe azaumoyo ankayenda mudzi ndi mudzi ndi katemera, mipingo ina idaletsa anthu ake kubayitsa ana, ati mankhwala akusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu wamkulu akakana mankhwala, wasankha yekha. Nanga mwana wa zaka 3 wasankha liti? Palinso nkhani ya ufiti. Ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, taona ana akutengedwa kunyumba zamapemphero, kukakamizidwa kuvomera kuti amauluka usiku ndi kutchula amene adawaphunzitsa. Nkhalamba zambiri zidalowa m'ndende chifukwa cha mawu a ana otere, mpaka George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism adayamba kuzimenyera nkhondo. Mwana wouzidwa kuti muli chiwanda mwa iye amasenza katundu yemwe ngakhale wamkulu sangamuthe.

Pa mfundo ya mayina aja, taonanso momwe ana amasandukira chishango pa mikangano ya akuluakulu. Mu 2000, boma litaganiza zochotsa phunziro la Bible Knowledge m'sukulu za sekondale n'kuikamo lina lokamba za zipembedzo zosiyanasiyana, mipingo yachikhristu idakana kwamtuwagalu mpaka Pulezidenti Bakili Muluzi adaimitsa ganizolo. Mu 2019 ku Balaka sukulu zina zidatsekedwa chifukwa cha mkangano wa hijabu. Ana achirasta adakhala akubwezedwa pageti la sukulu chifukwa cha tsitsi lawo kufikira bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula mu 2023 kuti aziloledwa kuphunzira. Pa mikangano yonseyi akuluakulu ndiwo ankayankhula. Wotaya masiku a sukulu adali mwana, ndipo palibe adamufunsa maganizo.

Komabe pali pomwe ndikusiyana naye Dawkins, ndipo mabuku athu a Chichewa ndiwo adanditsegula maso. Mfundo yake ikukhala ngati ikunena kuti pali nyumba ina yopanda kanthu momwe mwana angakuliremo osamva chikhulupiriro chilichonse, kufikira atakula n'kusankha yekha. Nyumba yotere ine sindidaionepo. Taganizani za buku la Nthondo lomwe Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adapambana nalo mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa, ndipo lidasindikizidwa mu 1933. T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 nalitcha Man of Africa. Bukuli likutsata munthu kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, ndipo Nthondo akulowa Chikhristu atakula kale, atayamba wavutitsa anthu paunyamata wake. Tingati adachita zomwe Dawkins akufuna, kusankha ali wamkulu. Koma kodi ubwana wake udali wopanda chikhulupiriro? Iyayi. Adakulira m'mudzi momwe mizimu, mankhwala, zoletsa ndi miyambo ya maliro zinkalongosola chilichonse chochitika. Mwana wa kumudzi asadamve za Gehena adali atamva kale za mdulo ndi tsempho.

John Gwengwe, m'buku la Kukula ndi Mwambo la 1965, akuonetsanso zomwezo kuchokera mbali ina. Kwa Achewa kulera mwana ndi kumuphunzitsa mwambo ndi ntchito imodzi. Simungachotse chikhulupiriro m'chinamwali kapena m'Gule Wamkulu n'kutsala ndi malangizo okhaokha a ulemu. Kholo likamauza mwana kuti usabe, mwanayo amafunsa chifukwa chake, ndipo yankho lililonse lomwe khololo lingapereke lichokera pa zomwe limakhulupirira. Ngakhale bambo wonena kuti kulibe Mulungu, mwana wake amamva zimenezo pa nthawi ya chakudya ndipo amazitola monga momwe amatolera chinenero. Palibe kholo limadikira kuti mwana afike zaka 18 kuti adzasankhe yekha pakati pa Chichewa ndi Chitumbuka. Akuluakulu adati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo wokhulupirira ndi wosakhulupirira onse amaongolera mtengowo mbali yomwe iwo akuiona kuti ndiyo yowongoka.

Chachiwiri, nkhani ya Mortara ija ikuphunzitsa chinthu chinanso chomwe Dawkins sadachitsindike mokwanira. Chomwe chidalanda mwana uja chidali boma lokhala ndi apolisi, lomwe lidadzipatsa mphamvu yosankhira banja la eni chikhulupiriro choyenera. Ife tidaona zofanana. Mu 1967 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidaletsa mpingo wa Mboni za Yehova, omwe ankakana kugula makadi a chipani. Mu 1972 mabanja zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique, ana ali kumsana. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Kunena zoona, Dawkins sakupempha boma kuti lilande ana a anthu opembedza. Koma mawu akuti nkhanza ndi mawu olemera. Tikangovomereza kuti chiphunzitso chilichonse cha chipembedzo ndi nkhanza kwa mwana, ndiye kuti tapempha wina kuti alowerere. Ndipo mbiri ikutiuza kuti wolowererayo amayamba ndi mipingo ing'onoing'ono yopanda woiyankhulira. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe Malawi adalivomereza mu 1991, lidayesa kugwira mbali zonse ziwiri pa ndime 14. Likuti mwana ali ndi ufulu wa maganizo ndi chipembedzo, ndipo makolo ali ndi udindo womutsogolera molingana ndi msinkhu wake. Ndiye kuti chingwe chimayenera kumasulidwa pang'onopang'ono pamene mwana akukula.

Chachitatu n'chokhudza ife okonda zolembalemba. Chichewa cholembedwa chidakulira m'manja mwa mishoni. Buku Lopatulika, lomwe ntchito yolimasulira adaitsogolera ndi William Murray wa ku Nkhoma pamodzi ndi aphunzitsi akuda, lidatuluka lathunthu mu 1922, ndipo kwa zaka zambiri ndilo lidali buku lokhalo m'nyumba zambiri. Mpaka lero timati uje ndi mwana wolowerera, uje ndi Msamariya wachifundo, uje wasamba m'manja ngati Pilato. Mwana wosadziwa nkhani zimenezi adzavutika kumva ndakatulo zathu ndi nyimbo zathu zambiri. Dawkins mwini akuvomereza m'mutu womwewo kuti ana a ku England ayenera kudziwa Baibulo kuti amvetse mabuku a kwawo. Ndiponso maphunziro a mishoni sadatulutse anthu ogonja okhaokha. John Chilembwe, yemwe adayamba kuphunzira pansi pa Joseph Booth nakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe mu 1900, adawerenga m'buku lomwelo kuti anthu onse ndi ofanana, ndipo mu 1915 adaukira atsamunda. Sindikuiwala kuti sukulu zomwezo zidathawitsa mabanja ambiri achisilamu ku Mangochi ndi ku Machinga, omwe ankaopa kuti ana awo akapita kukaphunzira akabwerako atabatizidwa. Mibadwo ingapo idatsalira pa maphunziro chifukwa sukulu idasanduka msampha wokolera anthu mumpingo.

Tsono ndikaika zonsezi pamodzi, ndikuona kuti funso lakuti tiphunzitse kapena tisaphunzitse silitifikitsa patali. Chofunika n'kuyang'ana kaphunzitsidwe kake, ndipo ine ndili ndi miyeso inayi. Kodi chiphunzitsocho chikuteteza thupi la mwana, kapena chikumumana katemera, chakudya ndi sukulu? Kodi chikumanga pa mantha omwe mwana sangathe kuwasenza, monga kandulo ija? Kodi mwana akafunsa funso lovuta amayankhidwa, kapena amauzidwa kuti kufunsa n'kuchimwa? Nanga chikumuuza zotani za mnzake wa khomo loyandikana yemwe amapemphera Lachisanu kapena Loweruka, kapena yemwe atate ake ndi akudambwe? Chiphunzitso cholephera miyeso imeneyi chimavulaza, kaya chichokere kutchalitchi, kumadrasa, kusimba kapena kwa kholo losapembedza. Chokwanitsa miyesoyi chimapatsa mwana nkhani zokulira, anthu omuzungulira pa tsiku la maliro, ndi poyambira pofunsa mafunso akeake.

Apa ndipo ndikufuna kudzudzula ife alembi. Nkhani zazifupi zambiri zomwe timalemba zimatha ndi munthu woipa atalapa kapena atalangidwa, ndipo m'busa ndiye amatseka nkhani. Njira imeneyi tidatengera kwa alembi oyamba, omwe mabuku awo ankasindikizidwa ndi mishoni ndipo ankawerengedwa m'sukulu za mishoni. Ntara adali ndi chifukwa chake cholembera motero. Ife lero tilibe chotimanga. Koma m'nkhani zathu mwana amangokhala chiwiya chothiramo malangizo. Ndi kangati tawerenga nkhani yolembedwa kuchokera m'maso mwa mtsikana yemwe mayi ake ndi Mkhristu koma bambo ake ndi Msilamu? Kapena ya mnyamata wouzidwa kuti akapita kudambwe adulidwa mumpingo, akakana kupita anzake amutcha mwana mpaka kukalamba? Kapena ya kamwana komwe kadavomera ufiti pofuna kuti akuluakulu aleke kukafunsa, kenaka n'kuona agogo ake akumangidwa? Nkhani zimenezi zili m'midzi mwathu, ndipo mlembi ndiye angazifikire pomwe mlaliki ndi wasayansi sangafike, chifukwa iye sakakamizidwa kupereka chigamulo. Ntchito yake n'kutionetsa zomwe zimachitika mumtima wa mwana pamene akuluakulu akukangana pamwamba pa mutu wake.

Ine ana anga ndimapita nawo kutchalitchi. Tsiku lina tikubwerera, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 adandifunsa kuti, "Adadi, kodi mnzanga uja amavala hijabu adzapita kumoto?" Ndidakumbukira kandulo ija ndipo ndidaona kuti yankho langa likhoza kumugonetsa tulo kapena kumukhazika tong'o pamphasa. Ndidamuuza kuti ine si woweruza, kuti mnzakeyo makolo ake amamuphunzitsa kupemphera monga momwe ife timamuphunzitsira iye, ndipo kuti akafuna kudziwa zomwe amakhulupirira akamufunse mwini wake mwaulemu. Mawa lake adabwera ndi mafunso ena atatu, awiri mwa iwo ondiposa nzeru. Ndidamuuza kuti tikafunse limodzi kwa abusa Lamulungu likudzalo, ndipo ndidamulonjeza kuti akadzakula n'kupeza mayankho osiyana ndi anga, pakhomo pano padzakhalabe pakwawo.