Mzukwa Wopanda Mlandu

Teremu yatha ndinapita ndi ana anga a Giredi 9 ku Lusaka National Museum, pa Independence Avenue pafupi ndi Freedom Statue. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1996. Pansi pali zojambula ndi zosema za amisiri a masiku ano, pamwamba pali zofukulidwa m'nthaka, mbiri ya kumenyera ufulu, ndi moyo wa kumudzi. Ana anadutsa zonsezi mothamanga ngati akuthawa mvula. Koma atafika pa magalasi osungiramo zida za ufiti, mapazi anamatirira pansi. Pobwerera m'basi nkhani inali itapsa kale. Akuti usiku m'nyumbamo mumayenda zipuku, ndipo alonda sagona tulo, ngati kuti mlonda analembedwa ntchito yogona.

Ndinawapatsa chimangirizo chakuti alembe nkhani yochitikira m'myuziyamu. Pafupifupi onse analemba za mizukwa. Nthawi yochonga inandichepera, choncho pa holide ndinanyamula mapepalawo kupita nawo ku Rufunsa, kwa ambuya anga, m'dera la Mfumu Mpanshya. Kumeneko ndi kumene ndinapeza muyeso umene ndikufuna kuyesera nkhanizi, komanso zina zambiri za mtunduwu zimene timawerenga pa Facebook ndi m'magazini ngati ino.

Nkhani za anawo zinali ngati zobadwa kwa mayi mmodzi. Munthu watsekeredwa m'myuziyamu usiku. Magetsi azima. Chitseko chilira chokha. Kenaka patulukira mkazi wa diresi loyera, tsitsi litaphimba nkhope, ndipo munthu uja akuwa n'kukomoka. Chinyanja chake chinali chabwino ndithu, ena anagwiritsa ntchito mifanizo ya mawu mwaluso: kuti phi, kuti zii, kuti balamanthu. Madzulo ena tikukonola chimanga pakhonde ndinawerengera ambuya nkhani imodzi imene ndinaipatsa malikisi ambiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa:

"Nanga mzukwawo ukufuna chiyani, mdzukulu wanga?"

"Ukungoopseza basi, ambuya."

"Aa, ndiye kuti ulibe chochita. Wakufa sadzuka popanda mlandu."

Ndinaphunzira za kusanthula nkhani zaka 4 ku yunivesite, koma funso limeneli silinandifikepo m'mutu. Mkazi wa diresi loyera uja alibe dzina, alibe mudzi, alibe amene anamulakwira. Anachokera m'mafilimu a pa foni, ndipo tsamba likatha naye amatha. Wowerenga amadzidzimuka pang'ono ngati amene waponda chule mumdima, kenaka amaiwala.

Usiku womwewo ambuya anandikambira yawo. Aliyense amene anayendapo pa Great East Road kupita ku mlatho wa Luangwa amadziwa mapiri a Manenekela, pomwe msewu umakhotakhota ndipo ngozi zake zadya anthu ambiri. Ambuya akuti kale panali mnyamata amene ankaimitsa malole usiku pamalo amenewo, atanyamula kachikwama. Akakwera ankakhala duu, n'kungotchula mphambano imene akatsikire. Akafika pamphambanopo, dalaivala ankapeza mpando uli wokha, chitseko chosatsegulidwa, koma kachikwama katatsala. Mkati munali shuga ndi chitenje chatsopano. Mnyamatayo anafa pangozi akuchokera ku Lusaka ndi malipiro ake oyamba, akupititsa mphatso kwa amayi ake. Abale anakangana za ndalama za maliro, mtembo unaikidwa kutali ndi kwawo, ndipo palibe anapita pamalo angoziwo kukamuitana kuti abwerere kumudzi. Anasiya kuimitsa malole pokhapokha amalume ake atapitako.

M'nkhaniyi mulibe kukuwa, mulibe magazi. Chilichonse chili ndi ntchito yake. Kachikwama ndiko ngongole yosafika kwa mwini wake. Mphambano ndiyo malire amene wakufayo sangawoloke yekha. Dalaivala ndi mboni chabe, ndipo oimbidwa mlandu ndi amoyo. Mantha ake ndi ochepa, koma manyazi ake amakutsata mpaka pamphasa. Ine ndinagona ndikuwerenga maliro a abale amene sindinapiteko chifukwa cha mayeso a ana.

Alembi athu akale ankazidziwa zimenezi. Mu Sikusinja ndi Gwenembe ya J.W. Gwengwe, wophedwa sakhala chete: mbalame imatsata wakupha uja ndi nyimbo yake kufikira mlandu utaululika. Julius Chongo, pa pulogalamu yake ya pa wailesi ya Poceza m'Madzulo, ankakoka omvera ndi makhalidwe a anthu amene aliyense ankawazindikira pamudzi pake. Ngakhale Rosemary wa ku Copperbelt, amene nkhani yake imakambidwa mosiyanasiyana, wakhalitsa pakamwa pa anthu chifukwa amaloza chala amuna oyenda usiku ndi zimene amakafuna kumeneko. Mzukwa wokhalitsa ndi umene uli ndi chonena kwa amoyo.

Pali china chimene chinandivuta koposa. Nkhani zambiri za ana anga zinafuna kufotokoza kumene zida za m'magalasi zija zinachokera, ndipo mwini wake nthawi zonse anali mmodzi: nkhalamba yachikazi ya kumudzi, yopanda mano, ya maso ofiira, yokhala yokha m'kanyumba ka udzu. Ndinkawerenga mizere imeneyi nditakhala pafupi ndi ambuya, amene mano anawathera kalekale ndipo maso awo anafiira ndi utsi wa nkhuni. Mizere ina ndinaidumpha powawerengera. Kuno nkhani yotere si masewera. Timamva pa wailesi za okalamba omenyedwa ndi kutenthedwera nyumba chifukwa wina wawatchula mfiti pamaliro. Lamulo la Witchcraft Act, limene linayamba m'nthawi ya atsamunda mu 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika msanga ngati mphekesera. Mlembi akalephera kupeza mlandu weniweni wa nkhani yake, amagwira munthu wapafupi wosatha kudziteteza. Ulesi wa cholembera umathera pa msana wa nkhalamba.

Chida chikaikidwa m'galasi chimasiya nkhani yake kunja. Kapepala kofotokoza kangatiuze dzina lake ndi ntchito yake, koma sikangatiuze amene anakangana, chimene ankalimbirana, kapena amene analira. Mpata umenewo ndi wa mlembi, ndipo ana anga ambiri anaudzaza ndi zinthu zobwereka.

Mtsikana mmodzi yekha, wokhala kumbuyo m'kalasi, anayenda njira ina. Iye anagwira zimene tinaphunzira za chigaza cha munthu wa ku Kabwe, chimene chinafukulidwa mu mgodi wa Broken Hill mu 1921. Akatswiri masiku ano amati chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chenichenicho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo kuno timaona chifanizo chake chabe, ngakhale boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwezedwe. M'nkhani ya mtsikanayu, usiku uliwonse munthu wamtali amakwera masitepe akupapasa khoma, chifukwa alibe mutu woti aonere njira. Akafika pa galasi amatulutsa chigazacho, n'kuchiyesa pakhosi pake. Sichikwana. Amachibwezera bwinobwino, osaswa kanthu, n'kutsika. Mlonda amamuona, ndipo m'malo mothawa amayamba kumutsegulira chitseko.

Chiganizo cha mlonda wotsegula chitseko chinaposa masamba onse a kukuwa aja. Mzukwawu uli ndi kwawo, uli ndi chimene ukufuna, ndipo amene angaupatse ali moyo. Mtsikanayu sanatchule mawu akuti atsamunda ngakhale kamodzi, koma mlandu wonse uli poyera. Ndiponso sanafunikire nkhalamba ya wina aliyense kuti nkhani yake iime.

Komabe anaiwononga pomaliza. Analemba kuti mlonda uja anadzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto. Matenda amenewa ali ponseponse m'nkhani zathu zazifupi, ndipo ena a ife aphunzitsi ndife tinawafalitsa, poopa kuti mwana angaoneke ngati akukhulupirira zamizimu. Koma maloto amakhululukira aliyense. Mlonda akadzuka, munthu wopanda mutu uja salinso ndi mlandu ndi wina aliyense, ndipo wowerenga amachoka manja ali oyera. Nkhani ya ambuya ilibe khomo lothawira lotere. Imatha amalume atakwera basi kupita ku Manenekela.

Kwa anzanga amene mukulemba nkhani za mizukwa, kaya ya m'myuziyamu, kaya ya m'nyumba za boma zakale, kaya ya pamsewu, pempho langa ndi lakuti musanazimitse magetsi m'nkhani yanu muyambe mwadziwa chimene wakufayo anabwerera. Mukachidziwa, mudzapeza kuti chitseko cholira simukuchifunanso.

Nkhani ya mtsikana uja ndinawawerengeranso ambuya, koma ndime ya maloto ndinaisiya. Anakhala chete kanthawi, chitsononkho chili m'manja.

"Ku London kumeneko, basi imafika?"

"Iyayi, ambuya, ndi kutsidya kwa nyanja. Amapita pa ndege."

"Ndiye pafunika wachibale apiteko. Yekha sangabwere."

Mapepala ndawabweza kwa eni ake sabata ino. Pansi pa lililonse ndalemba ndi inki yofiira funso la ambuya lija, ndipo mtsikana uja ndamuuza achotse ndime yomaliza.