Lilime la m'Dziko Lopeka: Malo a Kutukwana m'Nthano za Fantasy

Mawu oyamba

Pakati pa owerenga ndi osanthula zolembalemba pali mtsutso wosatha wokhudza nthano zazitali zomwe pa Chingerezi amazitcha fantasy, zomwe muno tizitcha nthano za mayiko opeka. Izi ndi nthano zimene mlembi amaumba dziko lakelake, lokhala ndi mafumu, milungu, zilombo ndi matsenga akeake. Funso ndi lakuti, kodi mawu otukwana ndi olaula ali ndi malo m'nthano zotere? Ena amati ayi, poti munthu amatsegula buku lotere kuti apumuleko ku nyansi za moyo wa tsiku ndi tsiku, komanso ambiri mwa owerenga ake ndi achinyamata. Ena amati inde, poti msilikali wolasidwa ndi mkondo sangafuule ngati m'busa ali paguwa. Mbali zonse ziwirizi zimakangana pa kuchuluka kwa mawuwo. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti choyenera kuyezedwa ndi gwero lake. Anthu amatukwana ndi zimene amaziopa kapena kuzilemekeza, choncho mlembi amene waumba dziko latsopano ayeneranso kudziwa chimene anthu a m'dzikolo saloledwa kutchula.

Zinthu zinayi zosiyana

Mtsutsowu umasokonekera chifukwa pa Chingerezi liwu limodzi limatha kuimira zinthu zingapo zimene Chichewa chimazisiyanitsa. Pali kulumbira, monga pamene munthu atchula manda a mayi ake pofuna kuti amukhulupirire. Pali kutemberera, komwe ndi kuitanira mnzako tsoka. Pali kutukwana, komwe cholinga chake ndi kunyazitsa wina. Ndipo pali kulaula, kutchula poyera zinthu zobisika za thupi. Liwu lomalizali ndi lachibale ndi malaulo, zizindikiro za tsoka, kusonyeza kuti makolo ankaona mawu oterewa ngati chinthu chotha kugwedeza mudzi.

Komabe makolo omwewo sanawathamangitse mawuwa m'moyo wawo. Anawamangira khola. Pabwalo la gule wamkulu, pamaliro ndi pachinamwali, pamamveka nyimbo zimene munthu ataziimba pamsika angaitanidwe kubwalo la mfumu. Asuweni amanenana mawu amene mkamwini sangayerekeze kuwatchula pamaso pa apongozi ake. Kulemera kwa liwu kumadalira woyankhula, womvera, malo ndi nthawi. Muyeso umenewu ndi umene tigwiritse ntchito poona alembi otsatirawa.

Tolkien ndi lilime losefedwa

J. R. R. Tolkien ndiye anakhazikitsa chizolowezi cha chiyankhulo chaulemu m'nthano zoterezi. M'buku lake la The Lord of the Rings, lomwe linatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955, ankhondo amavulala ndi kufa koma pakamwa pawo sipatuluka cholaula. Si kuti mlembiyu sankadziwa mayankhulidwe a asilikali, pakuti iye anamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916. M'zowonjezera za kumapeto kwa bukuli, momwe amadzionetsa ngati womasulira chabe wa mbiri yakale, akuvomera kuti zoyankhula za ma Orc, adani a m'nthanoyi, zinali zonyansa kuposa momwe wazilembera.

Kusefa kumeneku kumagwirizana ndi mtundu wa nthano yake, yomwe imatsanzira ndakatulo zakale zotamanda ngwazi. Koma kuli ndi mtengo wake. Tolkien anamangiriza ukhondo wa pakamwa ku ukhondo wa mtima. Olungama amayankhula mwaulemu, ndipo lilime lokhakhala analisiyira oipa. Zimphona zitatu za mu The Hobbit, buku la mu 1937, zimayankhula Chingerezi chofanana ndi cha anthu wamba a ku London. Wowerenga wa kuno kwathu, amene makolo ake anayezedwapo nzeru ndi khalidwe potengera momwe ankayankhulira chiyankhulo cha atsamunda, sangalephere kuona vuto la ganizo limeneli. Tonse tikudziwa nkhalamba zapakamwa poyabwa zimene zinalera ana amasiye, ndiponso mbava zoyankhula mofatsa.

Martin ndi chifukwa cha mbiri

Zinthu zinasintha kwambiri George R. R. Martin atatulutsa A Game of Thrones mu 1996. Pambuyo pake panabwera alembi monga Joe Abercrombie ndi Scott Lynch, omwe mabuku awo oyamba anatuluka mu 2006, ndipo apangankhani awo amatukwana ndi mawu omwe amamveka m'malo omwera mowa a lero. Oikira kumbuyo kalembedwe kameneka amati ndi momwe anthu akale ankayankhulira, poti dziko la Martin linaumbidwa potengera England wa nthawi ya nkhondo zolimbirana ufumu za m'zaka za m'ma 1400.

Chifukwa chimenechi n'chofooka. Melissa Mohr, m'buku lake la mbiri ya kutukwana la mu 2013, anaonetsa kuti ku England wa nthawi imeneyo mawu oopsa kwambiri sanali a ziwalo za munthu. Ena mwa mawu amene lero ndi olaula ankalembedwa m'mabuku a zamankhwala ngakhalenso m'mayina a misewu. Choopsa chinali kulumbira potchula mabala, magazi kapena mafupa a Mulungu, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti malumbiro otere amang'amba thupi la Khristu. Ngakhale mu 1606, nyumba ya malamulo ya ku England inaika chindapusa cha mapaundi 10 kwa wochita sewero wotchula dzina la Mulungu mwachibwana. Motero msilikali wa m'nthano amene amatukwana ngati mnyamata wa ku New York sakutsata mbiri. Akutsata khutu la wowerenga wa lero.

Izi sizikutanthauza kuti Martin analakwitsa paliponse. Pamene kalembedwe kake kagwira ntchito, kamagwira pa chifukwa china. Taonani mpangankhani Sandor Clegane. Ali mwana, mkulu wake Gregor anamuwotcha nkhope pamoto, ndipo pambuyo pake Gregor yemweyo anadzozedwa kukhala mmodzi wa ankhondo olemekezeka olumbira kuteteza ofooka. Sandor amakana ulemu umenewu. Akamayankhula mwaukali ndi mwamwano kwa Sansa Stark, mtsikana woleredwa ndi nyimbo zotamanda ankhondo oterowo, lilime lake limakhala umboni wotsutsa chinyengo cha m'nyumba yachifumu, momwe anthu amaphana uku akupatsana moni waulemu. Mukachotsa mawu akewo mwachotsa msemphano wonse wa pakati pa awiriwa. Koma m'malo ena ambiri a mabuku otsanzira Martin, kutukwana kumangokhala chikwangwani chouza wogula kuti bukuli ndi la akuluakulu. Mfumu, wansembe, mbala ndi mwana onse amatukwana mofanana, ndipo palibe amene amadzidzimuka. Ndiwo zikachuluka mchere, kaya ndi nyama kaya ndi bonongwe zimakoma chimodzimodzi.

Malumbiro opeka

Njira yachitatu ndi yopeka malumbiro ochokera m'dziko la nthanolo. Robert Jordan, yemwe anayamba mndandanda wa The Wheel of Time mu 1990, amalumbiritsa apangankhani ake ndi kuwala, moto, magazi ndi phulusa, chifukwa chikhulupiriro chawo chagona pa nkhondo ya kuwala ndi mdima. Brandon Sanderson, mu The Way of Kings ya mu 2010, amawalumbiritsa ndi namondwe, poti dziko lawo limakanthidwa kawirikawiri ndi mikuntho yoopsa imene inaumba zomera, nyama ndi mamangidwe a nyumba. Alembiwa anazindikira kuti malumbiro ndi mapu a mantha a anthu. Chofooka chawo n'chakuti mawu awo saluma. Wowerenga amamva kuti mpangankhani wakwiya koma iye mwini sakhudzidwa, ndipo liwu likabwerezedwa kambirimbiri limasanduka nthabwala.

Amene anathana ndi vutoli ndi N. K. Jemisin mu The Fifth Season, buku la mu 2015, loyamba mwa atatu amene anapata mphoto ya Hugo motsatizana mu 2016, 2017 ndi 2018. Dziko lake limagwedezeka ndi zivomezi, ndipo anthu amakhulupirira kuti Nthaka ndi bambo wodana ndi ana ake. N'chifukwa chake amatemberera potchula nthaka, komanso dzimbiri, pakuti kwa iwo mwala ndi wodalirika pamene chitsulo chimadyeka. Mlembiyu sapewanso mawu olaula a Chingerezi cha lero. Koma liwu loopsa kuposa onse m'bukuli ndi lopeka. Ndi dzina lachipongwe lonenera anthu obadwa ndi mphamvu yoletsa kapena kuyambitsa zivomezi, anthu amene boma limawagwiritsa ntchito ngati akapolo ndipo midzi imawapha ikawatulukira. Nthano ikuyamba pamene Essun wapeza mwana wake wamng'ono ataphedwa ndi bambo wake womubereka chifukwa cha mphamvu imeneyi. Kuchokera pamenepo, wowerenga akakumana ndi dzina lachipongwe lija amakumbukira mtembo wa mwanayo. Mpangankhani wina, Alabaster, amadzitcha yekha dzinalo mwadala, pokana dzina laulemu limene omusunga mu ukapolo amabisira nkhanza zawo. Jemisin anaphunzitsa wowerenga kuopa liwu limene kunja kwa bukuli lilibe tanthauzo lililonse.

Marlon James wa ku Jamaica, mu Black Leopard, Red Wolf ya mu 2019, yomwe inatunga zambiri m'nthano ndi mbiri za mu Africa, anapita patali kuposa onsewa. Mfotokozankhani wake, Tracker, akusimba nkhani yake ali m'ndende pamaso pa womufunsa mlandu, ndipo amalaula ndi kunyoza milungu pafupifupi patsamba lililonse. Kwa wandende amene walandidwa zonse, mwano ndi chida chokhacho chotsala, ndipo pamenepa mlembi ali ndi chifukwa chomveka. Ngakhale zili choncho, m'buku lalitali chotere khutu limafika pozolowera, kotero kuti pamene Tracker wafika pa chisoni chenicheni, mawu amene akanatilasa amakhala atabuntha kale.

Nanga achinyamata?

Nkhawa ya makolo ndi aphunzitsi si yonyozeka. Buku lolembera ana lili ndi malire ake, monganso nthano za pamoto zinali zosiyana ndi malangizo a kutsimba. Cholakwika ndi kuganiza kuti nthano iliyonse yokhala ndi matsenga ndi ya ana. Ganizo lotere linavutitsapo zolembalemba za Chichewa, zomwe zinakulira m'manja mwa osindikiza a mishoni ndi a mabuku a sukulu, kenaka pansi pa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la mu 1968 ku Malawi. Zotsatira zake n'zakuti m'mabuku athu ambiri chidakwa, mfiti ndi wakuba amayankhula Chichewa chofanana ndi cha mphunzitsi wamkulu.

Mawu omaliza

Kutukwana kuli ndi malo m'nthano za mayiko opeka, koma malowo sabwera mwaulere. Wosanthula afunse mafunso atatu. Kodi liwuli lachokera m'zikhulupiriro ndi mantha a dziko la m'nthanoli? Kodi likusiyanitsa woyankhulayu ndi apangankhani ena? Kodi likatchulidwa pali chimene chikusintha pakati pa woyankhula ndi womvera? Funso lachitatuli ndi lofunika koposa m'nthano zimene mawu ali ndi mphamvu ya matsenga, pakuti m'dziko limene temberero limatha kuumitsa dzanja, munthu sangatemberere mwachisawawa. Mlembi wa Chichewa amene afuna kuumba dziko lakelake ali ndi poyambira pabwino, chifukwa chiyankhulo chake chimasiyanitsa kale kulumbira, kutemberera, kutukwana ndi kulaula. Asanalembe liwu lililonse loyabwa, ayambe wadziwa manda amene apangankhani ake amalumbirira ndiponso munthu amene sangayerekeze kulaula pamaso pake.