Kusankha Makanema Oyenera Kuwaunika

Wolemba amene afuna kuunika makanema kwa zaka zambiri ali ndi njira ziwiri: kutsata makanema onse a ngwazi imodzi, kapena kutsata ntchito zonse za mkonzi mmodzi. Ngati akulembera othyola tiyi a ku Satemwa ndi ku Conforzi m'boma la Thyolo, njira yoyamba imakopa, pakuti Rambo ndi wodziwika m'nyumba zoonetsera vidiyo. Koma pa makanema asanu a Rambo, a pakati pa 1982 ndi 2019, woyamba yekha, wa msilikali wosalidwa kwawo, ndiye ali ndi phunziro lozama. Enawo angochulukitsa zipolopolo.

Ntchito za Shemu Joyah n'zosiyana. Seasons of a Life akamba za mtsikana wantchito wopatsidwa pathupi ndi bwana wake. The Last Fishing Boat (2012), za msodzi amene nsomba zikumuthera. The Road to Sunrise (2017), za amayi oyendayenda a mu Blantyre. Monsemo funso ndi limodzi: kodi wosauka angasunge bwanji ulemu wake pamaso pa mwini chuma? Wothyola tiyi amakumana nalo funsoli tsiku lililonse pa sikelo ya kapitawo.