Ndani analipira apulo uja?

Pa msika wa m'komboni mwathu, mawu akuti "kawalala!" akangomveka anthu amasiya zonse. Mwezi watha anagwira mnyamata wa zaka ngati 12 ali ndi mabanzi awiri m'malaya. Ena mwa amene anamuthira mbama ndimapemphera nawo pa Sondo. Ine sindinamenye, koma sindinaletsenso. Ndinangoima cabe ndi pulasitiki yanga ya tomato. Usiku womwewo ndinawerenganso nthano yaifupi ya Leo Tolstoy, mlembi wa ku Russia, imene m'Cingelezi imachedwa *Where Love Is, God Is*, ndiko kuti pamene pali cikondi pali Mulungu. Namonso muli mnyamata wakuba.

Tolstoy anailemba mu 1885, atachuka kale ndi mabuku aakulu monga *Anna Karenina*. Pa nthawiyo anali kulemba tinkhani tosavuta, tosindikizidwa m'timabuku tochipa kuti anthu wamba azigula. Thunthu la nthanoyi si lake: linacokera kwa mbusa wa ku France, Ruben Saillens. Koma nyama anaikapo ndi Tolstoy.

Martin Avdeitch ndi wosoka nsapato. Akhala m'kacipinda kapansi, ndipo pa windo lake amaona mapazi cabe a anthu odutsa, nawazindikira ndi nsapato zimene anazisokapo. Mkazi wake ndi ana ake onse anamwalira, ndipo iye anakwiyira Mulungu, mpaka mkulu wina wapaulendo anamuuza kuti agule Cipangano Catsopano. Usiku wina, atawerenga za Mfarisi amene analandira Yesu mopanda ulemu pa Luka 7, anamva mawu omulonjeza kuti mawa Ambuye adzabwera. M'mawa mwake anakhala pa windo kudikira. Anabwera ndi Stepanich, msilikali wokalamba wokolopa cipale cofewa, ndipo Martin anamupatsa tiyi. Kenako mai wa khanda wovala zopyapyala pa mphepo: anamupatsa supu ya kabici, covala cakale, ndi makopeki 20 kuti akaombole nsalu yake imene anaika pa pinyolo. Pomaliza, ambuya ogulitsa maapulo amene agwira tsitsi mnyamata wowabera. Madzulo onsewa amuonekera, ndipo Baibulo litseguka pa Mateyu 25, pamene Yesu adziika m'malo mwa anjala ndi alendo.

Mphamvu ya nthanoyi ili pa windo lija. Tolstoy sanatengere Martin ku phiri kapena ku msonkhano wa usiku wonse. Anamusiya pa mpando wake, cisongole cili m'manja, ndipo ciyero conse ca tsikulo cakwana m'kapu ya tiyi ndi mbale ya supu. Ife tinazolowera maumboni ndi nyimbo zimene Mulungu amaonekera pa nchito yatsopano, galimoto ndi kugwa kwa adani. Umu palibe amene alemera. Mwamuna wa mai uja akali ku usilikali, Stepanich abwerera ku fosholo yake.

Pali mizere ina kuciyambi imene ambiri amaidumpha, koma kwa ine ndiyo mtima wa nkhani. Tolstoy atiuza kuti Martin anali kugwiritsa nchito cikumba cabwino, sanali kudulitsa, ndipo ngati sakanatha kumaliza pa tsiku limene kasitomala afuna, anali kunena zoona. Aliyense amene telala anamuuzapo kuti "bwerani mailo" kwa milungu itatu adziwa kuti ici si caching'ono. Kupatsa mlendo tiyi kamodzi n'kosavuta kuposa kusoka bwino pansi pa nsapato, pamene mwini wake sadzayang'ana, caka ndi caka. Ndikanakonda Tolstoy akanakhalitsa pamenepa.

Tsopano pamene ndikangana naye. Cigawo ca maapulo ndico cabwino koposa, cifukwa ndi pokhapo pamene wina atsutsa Martin. Ambuya aja si oipa. Maapulo ndiwo mpamba wao, ndipo akamuuza kuti kulekerera ana otere ndiko kuwaononga, alankhula ngati amai onse a pa msika amene ndimawadziwa. Martin sawauza kuti angoiwala. Auza mnyamatayo kuti apepese, amupatsa apulo wina, nalonjeza kuti adzalipira iye. Apa Tolstoy waona coonadi cimene alaliki ambiri amacilambalala: kukhululuka kuli ndi mtengo, ndipo wopempha cifundo m'malo mwa wina ayenera kupisa m'thumba mwake.

Koma taonani mmene amalizira. Ambuya aja mtima ufewa, ayamba kukamba za adzukulu, mnyamata awanyamulira thumba, ndipo apita osakumbukira n'komwe kufunsa ndalama ya apulo. Ndiye analipira ndani? Wosauka yemwe uja. Mlembi wang'amba ngongole kuti ife owerenga tigone bwino. Pa msika weniweni, wogulitsa mabanzi amawerenga ndalama madzulo, ndipo ikaperewera, ana ake ndiwo adzadya nsima yopanda ndiwo.

Cofooka caciwiri n'cakuti Martin anauzidwiratu. Tsiku lonse anali kusuzumira pa windo cifukwa anali kuyembekezera Mlendo wamkulu, ndipo madzulo analandira yankho lomveka ndi makutu. Koma pa Mateyu 25 pomwepo, olungama aja adabwa: sanadziwe kuti anali kutumikira ndani. Ife sitimva mawu usiku. Timangokumana ndi kondakita amene watibwezera cenji yoposa, kapena mnzathu wa m'kalasi wopempha kuti timuonetse mayankho. Ndiponso Martin akhala yekha. Kodi akanapereka makopeki 20 aja mosavuta akanakhala ndi ana asanu, lendi, ndi wodwala ku mudzi? Nthano imene ndifuna kuwerenga ndi ya tsiku lotsatira, pamene palibe lonjezo, mai wa khanda wabweranso ndi pempho lina, ndipo mnyamata uja wabanso.

Nthano imeneyo Tolstoy sanailembe, ndipo ndiona kuti ndi nchito ya alembi acinyamata a m'makomboni mwathu. Nkhani zambiri zacikhristu zimene ndimawerenga zimathera pa kulapa, ngati kuti moyo umaima munthu akakweza dzanja kutsogolo kwa chalichi. Tilembereni za mlongo wa m'kwaya amene agulitsa makala ndipo tini yake sanaiphwanye pansi. Tilembereni za dikoni amene ali ndi nyumba za lendi, pa tsiku limene wobwereka wacedwa miyezi iwiri.

Ngakhale n'tero, ndikulimbikitsani kuti muiwerenge. Ndi yaifupi, mungaimalize pa foni muli mu minibasi yopita ku tauni. Yandigwira pamene sindinafune kugwidwa. Martin atamva phokoso pa msewu anathamanga kutuluka, mpaka anapunthwa pa masitepe nagwetsa magalasi ake. Ine ndinali pafupi kuposa iye, ndipo ndalama ya mabanzi awiri inalimo m'thumba mwanga.